Ndinamanga Malimu Opanda Mphete, Ndinaika Apongozi M'manda

Ndinapha apongozi anga. Sindinawamenye, sindinawathile mankhwala m'chakudya, ndipo pa pepala la apolisi panalembedwa kuti inali ngozi ya pamseu. Koma ine ndidziwa chimene ndinachita, mkazi wanga adziwa, ndipo makaniko wina wa kuno ku Petauke adziwanso. Inu owelenga, makamaka amuna anzanga amene muli ndi timamotoka tanu ndipo mumafuna kuti anthu azicheuka mukamadutsa, welengani mpaka pansi. Sindikulemba kuti mundimvele chisoni. Chisoni chanu sichingadzutse munthu.

Ndine bambo wa zaka zopitilila makumi anai. Ndili ndi kashopu ka mbeu ndi mankhwala a m'munda pafupi ndi msika. Sukulu ndinafika giledi 12, ndipo chimenechi chinandisiyila matenda oganiza kuti amene sanafike pamenepo alibe chondiuza. Ndine wa mtima wapachala, izi sindibisa. Ndikakwiya, mau amatuluka ndisanawaganize. Kunyumba anazolowela kale, ndikalowa nkhope ili yokwinyika wailesi amaitsitsa okha.

Mwana wathu woyamba, Taonga, anamaliza maphunzilo a unamwino ku Lusaka ndipo anatiitana ku mwambo wolandila masatifiketi. Anapempha chinthu chimodzi chabe, kuti agogo ake, amai a mkazi wanga, akakhalepo. Ndiwo anamulela kumudzi ku Luembe pa zaka zimene ife tinali kuvutika kuimitsa bizinesi. Apongozi anali asanapondepo Lusaka chibadwile. Ndinalonjeza kuti ndidzawatenga ndekha pa motoka yanga.

Motoka yanga inali yaing'ono, ya anthu asanu, mwa zija zimabwela zitayendako kale kunja. Injini inalibe vuto. Chimene chinali kundipweteka ndi malimu, zitsulo zija zimene matayala amavalapo. Anali akuda, adzimbili, makapu ake anagwa kalekale m'mabampu. Ndinali kudziona ndikuimika chinthu chotelo pakati pa mamotoka a makolo a ku Lusaka, ndipo mtima unali kukana. Pa foni ndinapeza munthu wogulitsa malimu onyezimila, aja anyamata amati mamagi, opangidwa mofanizila a mamotoka odula, ndi chizindikilo chomwe pakati. Kuti sanali enieni ndinadziwa, mtengo wake unanena wokha. Ndinamufunsa funso limodzi, ngati mabowo a mabawuti ali anai ngati a motoka yanga. Anati ndi anai, ndipo amalowa pa motoka iliyonse. Anawakweza pa basi pamodzi ndi matayala ake otambalala. Anafika pa Chitatu. Ulendo unali wa pa Chisanu, mwambo pa Chiwelu.

Pa Chinai m'mawa ndinapita nawo kwa a Daka. A Daka ndi makaniko wachikulile amene amagwilila nchito pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa msika, ndipo ndiwo anali kundikonzela motoka chiigulile. Ndi munthu wa mau ochepa. Anakweza motoka pa jeke, nachotsa tayala limodzi la kumbuyo, naveka limu latsopano osamanga manati. Kenako analigwila ndi manja awili nalikankhila m'mwamba ndi pansi. Linali kugwedela, kho kho kho.

Anandiitana kuti ndiwelame ndione. Inu amene simunachotsepo tayala, mvetsani apa. Pamene limu limakhala pali chitsulo chozungulila chimene amati habu, ndipo pakati pa habu pali kamlomo kotulukila kunja. Kamlomo kameneka kayenela kulowa mothina m'bowo la pakati pa limu, chifukwa ndiko kamakhazika limu pakatikati kuti lizizungulila molunjika. Opanga malimu ofanizila amabowola bowo lalikulu dala kuti agulitse kwa aliyense. Ndiye pamafunika mphete, ya pulasitiki yolimba kapena ya chitsulo chopepuka, yodzaza mpata wotsalawo. Pa motoka yanga mpatawo unali woti nsonga ya chala cha kanise inali kulowa. Wogulitsa uja za mphete sananenepo, ndipo m'makatoni munalibe.

Sanathele pamenepo. Anatola nati langa lakale nandionetsa kuti phazi lake ndi lafulati, pamene mabowo a malimu atsopano anali otsetseleka m'kati ngati fanelo. Nati lotelo limagwila ndi m'mphepete chabe, ndipo motoka ikayamba kugwedezeka limamasuka lokha. Anatsitsa jeke nandionetsanso kuti malimuwo anali otambalala, atulukila kunja, moti tayala linali pansi penipeni pa mlomo wakuthwa wa madigadi, chitsulo chija chophimba tayala pamwamba. Anati mphete ndi manati oyenela angathe kuitanitsa ku Lusaka, zifika pa Chiwelu kapena pa Mande.

"Bambo, pitani ndi akale aja," anatelo. "Mwana afuna kuona inu, osati matayala."

Apa ndi pamene mutu unandiyaka. Ndinawauza kuti mabawuti onse anai alowa, ndiye afunanso chiani. Ndinawauza kuti amakaniko a pansi pa mtengo amakonda kuopseza anthu kuti aoneke odziwa. Ndinafika powafunsa kuti sukulu analekela giledi chani. Owotchelela zitsulo pafupi anazimitsa makina awo kuti amve bwino.  A Daka anapukuta manja pa kansanza, nabwezela tayala langa lakale, namanga bwinobwino, naika malimu atsopano aja mu buti mmene anabwelela.

"Ine manja anga sindiikapo," anatelo. "Ngati mwaumilila, kumbuyo musaikeko katundu."

Ndinachoka ndi fumbi. Masana omwewo ndinamanga ndekha pabwalo la nyumba. Limu lililonse ndinali kulikoleka pa mabawuti mmene lagwela, nkumanga nati loyamba mpaka kulimba, kenako lotsatila, kuzungulila telo. Sindinadziwe kuti ndikumangilila limu lili chopendekela kumbali. Nditatsiliza ndinalowetsa dzanja pakati pa tayala ndi madigadi. Zala zitatu zinalowa. Ndinaseka ndekha. Ndinazungulila boma lonse pang'onopang'ono, magalasi otsitsa. Anthu anacheukadi. Mnzanga wa shopu yoyandikana anaimba mluzu nati ndasanduka nduna. Ndinadutsa dala pa mtengo wa mango uja nkuliza huta. A Daka anali pansi pa motoka ina, sanatulutse ngakhale mutu.

Inu owelenga, apa ndi pamene ndinadzinamiza. Mpata ndinauyesa motoka ilibe kanthu, muli ine ndekha. Kodi munamuonapo munthu wa kuno akupita ku Lusaka ndi motoka yopanda katundu?

Pa Chisanu tinanyamuka dzuwa likungotuluka, ine ndi mkazi wanga, anyina Taonga. Titalowa mu mseu waukulu ndi kuonjezela liwilo, sitelingi inayamba kunjenjemela m'manja. Mpando nawo unali kunjenjemela. M'galasi loonela kumbuyo zinthu zinali kuoneka ziwiliziwili. Mkazi wanga anagwila chitseko, nandiyang'ana. Ndinati ndi mseu. Nditapondanso mafuta kunjenjemela kunachepako pang'ono, ndipo ndinatenga chimenecho ngati umboni wakuti zonse zili bwino.

Pa Nyimba tinaima kuti mkazi wanga agule nthochi zopita nazo, ine ndionjezele mpweya. Wokonza matayala pamenepo anali Mubemba. Mudziwa mmene tilili ife a kum'mawa ndi Abemba, ndife a chimbuya, timatukwanana mmene tifunila ndipo palibe amaloledwa kukwiya. Ananjuta kusilila malimu, akusisita ndi dzanja. Atafika pa tayala la kumbuyo kumanzele anagwila nati limodzi ndi zala chabe, ndipo linatembenuka.

"Mbuya, mbewa zija mumadya zayamba kubwezela," anatelo. "Onani, zakumasulilani manati."

Ndinamuyankha kuti munthu wodya anyani asandiphunzitse za motoka, akaphunzitse abale ake kutsika m'mitengo. Azimai a nthochi anaseka mpaka kugwila m'mimba. Iye anasekanso, koma posakhalitsa analeka. Anapaka chala pa bowo la limu nandionetsa kafumbi kotuwa ngati phulusa. Anati limu likudyeka, ndipo anandifunsa ngati m'kati muli mphete. Limenelo linali chenjezo lachiwili, lochokela kwa munthu amene a Daka sanakumanepo naye. Koma poti anali mbuya, ndinaika mau ake onse m'thumba limodzi ndi mbewa zija. Ndinalanda sipanala yake, nkuiveka paipi yaitali, nkukwelapo ndi thupi langa lonse, nati lililonse, matayala onse anai, mpaka chitsulo kulila. Anati ndidula mabawuti. Ndinati ife a kum'mawa timamanga kamodzi chabe. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti bawuti ukalikoka mopitilila limatamuka, nkuyamba mng'alu m'kati mosaoneka.

Kuchoka pa Nyimba kupita ku Luembe ndi mseu wafumbi, wa miyala ndi mabampu. Tinafika dzuwa lili pamutu.

Ndifotokoze za apongozi, chifukwa popanda zimenezi simungamve bwino chimene ndinachita. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sadyela pamodzi, salankhulana mwachindunji. Pa zaka zoposa makumi awili zimene ndakhala pa ukwati, moni wathu unali wa patali, ine nditanjuta chakumbali, iwo atakhala chakuseli kwa nkhokwe, tonse tikuomba m'manja. Mau alionse anali kudzela mwa mkazi wanga. Ena amati ndi zachikale, koma ine ndinali kuusunga mwambo umenewu, ndipo ndinali kunyada nawo. Anali mai wochepa thupi, amene sanandipemphepo kanthu. Tsiku limenelo anali atasoketsa chitenje chatsopano, ndipo nsapato za ku mwambo anazigwila m'pulasitiki pamiyendo kuti zisalowe fumbi.

Kenako katundu anayamba kubwela. Apongozi anali atakonza matumba awili a chimanga ndi limodzi la nshawa. Oyandikana nawo aliyense anabwela ndi kake ka Taonga, uyu maungu, uyu mbatata, uyu nkhuku m'dengu. Mphatso za kumudzi kwa mkazi wako sukana. Buti inadzala, inatsekeka nditaikhalila. Thumba lina tinaliika pa mpando wa kumbuyo. Ndinaona motoka ikukhala pansi pang'onopang'ono ngati ng'ombe yotopa, ndipo mau a a Daka anandibwelela. Ndinazungulila ngati ndikuona zina, nkuyesa kulowetsa dzanja pamwamba pa tayala la kumbuyo. Ngakhale chala chimodzi sichinalowe.

Ndinaona ndi maso anga, inu owelenga. Sindinganene kuti sindinadziwe.

Mkazi wanga anandiona ndikuyesa. Anabwela pafupi nandifunsa motsitsa mau ngati sitingasiye thumba limodzi kuti lidzatsatile pa minibasi. Mudzi wonse unali pamenepo, ena akudziyang'anila nkhope m'malimu. Kutsitsa thumba kukanakhala kuvomela pamaso pao kuti motoka ya mkamwini wa ku boma yalephela chimanga. Ndinayankha mokweza kuti motoka ndi yanga ndipo ndiidziwa ndine. Apongozi anamva. Analowa mwakachetechete nakhala kumbuyo kumanzele, kuseli kwa mwana wao, pamalo otalikilana kwambili ndi ine monga mwambo ufunila. Malo amenewo ali pamwamba penipeni pa tayala lija. Lamba wa pa mpando wao anali atapanikizika pansi pa thumba. Ndinaona, koma ndikanawauza bwanji munthu amene sindilankhula naye? Ndipo kuuza mkazi wanga sindinafune, ndinali ndikali wokwiya.

Titangoyamba kuyenda, pa dzenje lililonse kumbuyo kunali kumveka khwee, ngati munthu akucheka chikumba. Ndinamva apongozi akunong'ona. Patapita kanthawi mkazi wanga anati, "Awisi Taonga, amama akuti kumbuyo kukulila kanthu." Ndinati ndi miyala.

Pobwelela pa Nyimba sindinaime. Chifukwa chimene ndinapeleka chinali chakuti dzuwa lapendeka ndipo ndifuna tiwoloke mapili ndi mlatho wa Luangwa kusanade. Chifukwa chenicheni chinali mbuya uja. Sindinafune aone mmene motoka yakhalila pansi.

Inali nyengo yotentha, mitengo ilibe masamba, phula likuchita kuyandama patsogolo. Kunjenjemela kuja kunali kutakula, tsopano kunali kumveka mpaka m'mano. Tisanafike pa Kacholola m'motoka munalowa fungo la mphila wopsa. Apongozi ananong'onanso. Mkazi wanga anati amama akuti kukununkha. Ndinakalipa. Ndinati fungo ndi la mabuleki a mathilaki amene tikudutsana nawo. Ndinafunsa ngati lelo aliyense wasanduka makaniko, ndi kuti ngati pali wina adziwa kuyendetsa kuposa ine abwele akhale pano. Mau ndinali kulankhula ndi mkazi wanga, koma tonse atatu tinadziwa amene anali kupita kwa iye. M'galasi ndinaona apongozi akukokela chitenje pakamwa nkutembenukila ku windo.

Pa Kacholola mkazi wanga anapempha kuti tiime agule madzi. Lelo ndidziwa kuti sanali ndi ludzu, anali kufuna kuti ndituluke mwina ndingayang'ane tayala. Ndinamuonetsa botolo limene linali pa mapazi ake, nkupitilila.

Amene mumayenda mseu umenewu mudziwa zimene zimayamba mukapitilila Kacholola, zitunda, mitsetse ndi makona osatha, kumbali kuli maphompho. Panali chithilaki chimene chinandivutitsa kupitilila pa chitunda, ndipo nditachipitilila tinayamba kutsetseleka icho chili kumbuyo kwanga. Pamenepo kunayamba phokoso lina, gu gu gu, lotsatila kuzungulila kwa tayala. Kumbuyo kwa motoka kunayamba kuvina.  Ndiye ndinamva mau amene ndinali ndisanawamvepo akulunjika kwa ine.

"Apongozi, imitsani motoka. Napapata."

Anali apongozi anga akundichondelela, akunditchula ndi dzina lomwelo limene ine ndimawatchula nalo. Sananong'one. Sanadzele mwa mwana wao. Mai wachikulile amene anasunga mwambo zaka zonsezo anauthyola kuti andiuze ine ndi pakamwa pake. Mau awo anali aakulu kuposa mmene ndinali kuganizila. Phazi linachoka lokha pa mafuta. Patsogolo pang'ono kumanzele panali malo a miyala poti nkupatukila. Ndinawaona. Koma ndinaonanso chithilaki chija m'galasi, ndinaganiza zoti chindipitililanso, ndipo pansi pa zonsezo panali kanthu konyansa, koti ine ndiime chifukwa apongozi andilamula pamaso pa mkazi wanga. Ndinati mumtima ndikaima pansi, pamalo afulati, ngati ndaganiza ndekha. Ndipo sindinawayankhe iwo. Ndinayang'ana mkazi wanga.

"Auzeni tiima pansi apo," ndinatelo.

Iwo anathyola mwambo kuti atipulumutse. Ine ndinausunga kuti ndisagonje.

Pansi sitinafike. Pa kona yokhotela kumanja, kulemela konse kutagwela kumanzele, kunamveka kuphulika, ndipo kumbuyo kwa motoka kunagwa pansi. Chitsulo chinakhukhuluzika pa phula. Sitelingi inali m'manja mwanga koma sinali kugwila kanthu. Mchila wa motoka unatsogola, tinatuluka mu mseu chammbali, kenako thambo linali pansi, udzu pamwamba. Sindidziwa tinakunkhulika kangati.

Chimene ndikumbuka ndi kuti kunakhala chete, kupatula chimanga chimene chinali kukhuthuka pang'onopang'ono ndi nkhuku imodzi. Motoka inagona chammbali, itatsamila mtengo. Ine ndinatuluka ndi mabala a magalasi kumaso ndi m'manja, basi. Mkazi wanga anathyoka mkono. Pa mpando wa kumbuyo panalibe munthu. Tinawapeza m'udzu chakumtunda, atagona chafufumimba, akupuma movutika. Woyendetsa chithilaki chija, amene ndinali kupikisana naye iye osadziwa, ndiye anatsika kudzatithandiza kuwanyamula. Anaimitsa minibasi yopita ku Nyimba, anthu anatsika kutipatsa malo. Mutu wao unali pa miyendo ya mwana wao, ine ndinagwila mapazi. Kanali koyamba kuwakhudza. Sanalankhulenso. Tisanaone nyumba zoyamba za pa Nyimba, mapazi aja analemela m'manja mwanga, ndipo mkazi wanga anawafunditsa chitenje kumaso.

Tili ku chipatala Taonga anatuma foni kufunsa kuti tafika pati. Anati gauni waisita kale ndipo agogo awakonzela pogona m'chipinda chake. Amai ake sanathe kulankhula, ndinamuuza ndine. Anafunsa ngati ndinali kuthamanga. Ndinati tayala linachoka. Ku mwambo sanapite. Anakwela basi ya m'mawa kubwela ku malilo.

Tinakaika ku Luembe. Pambuyo pa manda abale anakhala pansi, ndipo amalume a mkazi wanga, amene ndiwo mwini mbumba, anandipempha ndifotokoze mmene zinayendela. Ndinati tayala linachoka pa kona. Anthu anagwedeza mitu. Anati mapili a Kacholola adya ambili, anati imfa sithawika, ena mpaka anandiyamika kuti ndinali ndi mtima wofuna kuwaonetsa Lusaka. Kenako amalume anafunsa funso limene limafunsidwa pa malilo alionse, ngati malemu anasiyako mau. Mkazi wanga anali chapatali pakati pa azimai, mkono uli m'pulasitala. Anadzutsa mutu nandiyang'ana. Anadikila.

Ndinati iai, sananene kanthu, zinachitika mwadzidzidzi.

Mkazi wanga anawelamitsa mutu, osanditsutsa.

Motoka anaikokela ku Petauke patapita masabata. Tayala lija anthu analitola m'chigwa nalibweletsa. Sindinafune kupita kwa a Daka, koma miyendo inandipeleka. Pa malilo anali atabwela, nakhala kumbuyo. Tsiku limene ndinapita kwa iwo anandionetsa habu. Mabawuti onse anai anali atadukila m'tsinde, awili mwa iwo ali ndi mng'alu wakuda woonetsa kuti anayamba kuduka kale tisanafike pa kona ija. Mabowo a limu anali atakula, osakhalanso ozungulila. Ndipo m'mbali mwa tayala munali mzela wozungulila lonse, pamene mlomo wa madigadi unacheka mphila mpaka mawaya kuonekela. Anati sangadziwe chimene chinayamba, koma chilichonse mwa ziwilizo chikanatigwetsa chokha. Ndinayembekeza kuti anene kuti anandiuza. Sananene. Anandifunsa za mkono wa anyina Taonga. Bwenzi atanditukwana, mwina ndikanapeza poyambila kukwiya.

Mkazi wanga ali pakhomo. Amaphika, amayankha ndikamufunsa, ku chalichi timapita limodzi. Kwa miyezi yambili za ngozi sitinazitchule. Sabata yatha tikusankha mbeu pakhonde, ndinalimba mtima nkumupempha kuti andikhululukile za malimu. Sanaleke kusankha.

"Za malimu ndinakhululuka kale, munali wopusa chabe," anatelo. "Koma amama analankhula. Anachita manyazi aakulu kuti alankhule ndi inu. Ndipo inu munauza abale awo kuti anafa osanena kanthu."

Ndinangowelamila pa mbeu. Ine amene mau sanandithelepo.

Ndiye inu owelenga, mvelani munthu amene anaona. Malimu ofanizila si onse oipa, ena akuyenda nawo zaka. Koma kulowa kwa mabawuti m'mabowo sikutanthauza kuti limu ndi la motoka yanu. Livekeni pa habu musanamange manati, muligwedeze. Likagwedela, musayende mpaka mutapeza mphete za saizi yake, ngakhale zitatenga mwezi kufika. Funsani manati oyenela malimuwo, akale aja asungeni ndi malimu akale. Pomanga muzidumphitsa, uku ndi uku, pang'onopang'ono, ndipo paipi ija musakwelepo. Mukayenda pang'ono imani muwayesenso. Mpata wa tayala muuyese motoka itanyamula mmene mumanyamulila inu mukamachoka kumudzi, anthu ali m'kati, chimanga chili mu buti. Sitelingi ikanjenjemela si mseu. Mphila ukanunkha si mathilaki.

Koma zonsezi a Daka anandiuza pa Chinai, kwaulele. Sikuti ndinasowa nzelu za malimu. Ngati ndinu munthu amene a m'nyumba mwanu amayamba ayang'anana asanakuuzeni kanthu, amene mkazi wanu amanamizila ludzu kuti muime, dziwani kuti tsiku lina adzaona imfa ikubwela ndipo adzachedwa kukuuzani chifukwa choopa pakamwa panu. Ndipo wina akalimba mtima nkukuuzani kuti imani, imani pomwepo. Osati pansi apo.

Mailo m'mawa ndikwela minibasi kupita ku Nyimba, kuchoka pamenepo ndipeze chokwela cha ku Luembe. Ndikakhala pansi pamaso pa amalume ndi mbumba yonse, ndikawauze kuti mlongo wao anasiya mau, anawanena kwa ine, ndipo ine ndinawayankha chiani. Sindidziwa ngati akandilipilitsa, kapena akanena kuti mwana wao abwelele kwao. Ndamufunsa mkazi wanga ngati apita nane. Wati ndipite ndekha, iye anamva kale.